Nsomba za Mboni

Lolemba m'mawa Amake Nsomba anapeza nsomba zisanu ndi ziwiri zitayandama chagada m'thanki yachitatu ya kumanja. Anaziwerenga kawiri, chikwama chidakali paphewa. Kenako anayang'ana kapepala komata pagalasi, ngati kuti thanki ingasamuke yokha Loweruka ndi Lamlungu. Inali yomweyo, thanki ya mboni.

Mumvetse kaye: m'chipinda chimenecho nsomba kufa sinali nkhani, inali ntchito. Kumanzere kunali mathanki khumi omwe madzi ake ankathiridwa dala ufa wa siliva, ufa wosalala mwakuti kambewu kake ngakhale mutatong'ola maso chotani simungakaone. Anthu a pa labu ya kafukufukuyo ankangoti tinano. Fakitale ina ya nsalu inkagwiritsa ntchito ufawo n'kumataya madzi ake mumtsinje, asodzi anadandaula, ndiye labuyo inapatsidwa ntchito yoona ngati ndi tinanoto timene tikutha nsomba. Kumanja kunali mathanki anayi a madzi oyera. Nsomba za mmenemo ndiye zinali mboni: zikakhala ndi moyo pomwe zinzake za kumanzere zikufa, ndiye kuti wolakwa ndi ufa. Koma mboni nazo zikayamba kufa, eni fakitale angoseka n'kunena kuti nsomba zanuzo zimafa zokha, ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi n'kupita pachabe. Ndipo woyamba kuchotsedwa ntchito ndi wosamala nsomba.

Wosamalayo anali Amake Nsomba, zaka makumi awiri ndi zitatu m'chipinda chomwecho. Anavala magolovesi, natsegula makha a imodzi mwa zakufazo, momwe nsomba imapumira. Anali otuwa, okutidwa ndi zonanda ngati mamina. Iwo ankazidziwa zimenezi kuposa nkhope ya amuna awo: tinano timakakamira m'makha, nsomba n'kumabanika ili m'madzi momwemo. Zotsalazo zinali zitaunjikana pamwamba, kukamwa yasa yasa. Siliva analowa m'madzi oyera, ndipo siliva alibe miyendo.

Kiyi wa kabati ya ufa anali ndi munthu mmodzi yekha, Kasupuni. Dzinali analitengera ku kasupuni kamene ankayezera ufawo pasikelo, atagwira mpweya kuti ungauluke. Anali mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, ndipo pantchitopo anamulowetsa ndi iwo omwe, fakitale itachepetsa anthu zaka zitatu zapitazo. Eya, fakitale yomwe ija. Tsiku limene ankamulankhulira kwa Adokotala, mkulu wa labuyo, zimenezi ankazitchula ngati mwayi: munthu wodziwa kale ufa. Lero anazikumbukira mwanjira ina.

"Mwadzuka bwanji alamu," anatero Kasupuni akulowa, akumanga mabatani a jasi yake yoyera.

"Tadzuka. Tabwerani muone."

Anabwera, anaona. Sanafunse kuti zafa zingati. Sanagwire n'komwe pakamwa. Maso ake anangochoka pa nsombazo n'kukwera pakona, pomwe panali thanki yaikulu, kenako anabwerera msangamsanga. Munthu wosalakwa amayamba wadabwa kaye, anatero Amake Nsomba mumtima.

Thanki yaikuluyo inali pamwamba pa chitsulo, ndipo ndi imene inkapereka madzi ku mathanki onse a kumanja kudzera mu paipi imodzi. Kumeneko iwo anali ndi kachinsinsi kawo. Sefa yogula ya pa paipiyo inkatsekeka sabata iliyonse, ndiye pakamwa pa paipi, mkati mwa thanki, ankavekapo sokosi. Sokosi ya bambo a kunyumba, yowiritsidwa kawiri popanda sopo, yomangidwa ndi labala, inkagwira ndi kachitsotso komwe. M'buku la malamulo a labu munalibe sokosi, n'zoona, koma amene analemba bukulo sanasamalepo nsomba. Adokotala sankadziwa, ndipo makwerero sankakwera chifukwa cha bondo.

Kasupuni atatuluka, Amake Nsomba anakwera napisa dzanja. Anapeza labala yekha. Sokosi panalibe.

Ndiye kuti dzanja la munthu linalowamo. Ndipo munthu amene akufuna kuthira kanthu m'madzi amayamba wachotsa sefa, si choncho? Tsiku lotsatira anabweretsa sokosi ina, naiveka, n'kumata kaulusi kakuda pakati pa chivindikiro ndi thanki. Lachitatu masana kaulusi kanali katadukamo, sokosi itapitanso. Anaika ina. Lachinayi zinafa zinayi, ndipo ku tiana timene tinaswa sabata imeneyo anapeza tina tili ndi misana yopindika, tikusambira mozungulira ngati tamwa. Adokotala anabwera, anayang'ana nthawi yaitali akudina cholembera chawo, natunga madzi m'mabotolo kuti akapimidwe ku labu ina. Potuluka anayang'ana Amake Nsomba mwanjira imene anali asanawayang'anepo.

Kuyambira pamenepo chilichonse cha Kasupuni chinayamba kununkha. Nsapato zatsopano anazitenga kuti? N'chifukwa chiyani masiku ano sankapita kukadya ndi anzake masana? Lachinayi lomwelo pobwerera anamuona akukwera galimoto ya ku fakitale ija pamphambano, akuseka ndi dalaivala mpaka mano onse panja. Mwina anali mnzake wakale wongomupatsa lifiti. Mwina. Koma munthu ukayamba kukayikira, ngakhale kuyetsemula kwa mnzako umakumva ngati chizindikiro.

Lachisanu m'mawa Kasupuni anawapeza akutsuka ndowa, naima chapatali akupotokola zala.

"Alamu, ndimati tikambeko za sokosi ija."

Amake Nsomba anaika ndowa pansi. "Sokosi iti?"

"Ya pa paipi. Ndimangoti mwina mukanasiya kaye kuikapo, masiku ochepa chabe."

"Mwaidziwa bwanji? Kumwamba kuja mumakatani inu, munthu wa sikelo?"

"Ayi, ndimangoona."

"Mumangoona. Ndiye mukufuna madzi azilowa osasefa kuti zithe msanga? Kapena mukundiuza kuti ndikatsegula pakamwa, inunso mukanena za sokosi kwa Adokotala? Mvetserani alamu. Ine ndinayamba kuveka masokosi pa paipi imeneyo inu musanadziwe n'komwe kumene mng'ono wanga amakhala, ndipo palibe nsomba inafapo. Zayamba kufa pano. Pano pamene."

Kasupuni anali munthu wolankhula ngati mawu amawayezanso pasikelo. Anangoti, "Pepani," n'kubwerera ku kabati yake.

Masana a tsikulo Amake Nsomba anatsanzika mokweza kuti akupita kukadya, anatuluka, nazungulira n'kulowera khomo la kuseri. Anakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa shelefu, mayi wamkulu ndithu wa zidzukulu, mawondo akulira. Sipanapite nthawi. Kasupuni analowa, anasuzumira uku ndi uku, anakwera makwerero, napinda dzanja la jasi n'kupisa mkono wonse m'thanki yaikulu. Potsika anali akukankhira kanthu konyowa m'thumba. Mtima wa Amake Nsomba unawawa kwenikweni, chifukwa munthuyu ankadya m'nyumba mwawo ndipo ana ake anawalera ndi iwo. Koma pansi pa kuwawako panalinso kukoma kwina, kukoma kwa munthu amene wapeza kuti sanalakwitse.

Zotsatira za madzi zinabwera Lolemba. Adokotala anaitana onse awiri mu ofesi yawo yopanikizika, momwe mafaelo anali mpaka pa mipando.

"M'madzi a mboni muli siliva," anatero. "Si wambiri, koma ndi wokwana. Sindikufuna kumva kuti anagwa kumwamba. Komiti yoyang'anira kafukufukuyu ikufuna dzina, ndipo ndikapanda kuwapatsa, atenga la wosamala nsomba. Amake Nsomba, mwakhala nane nthawi yaitali. Pali chimene mukudziwa?"

Ananena. Ananena za Lachisanu, za makwerero, za mkono wolowa m'thanki mpaka paphewa. Ananenanso za galimoto ya ku fakitale, ngakhale sanafunsidwe. Za sokosi sananene, poti sokosi inali nkhani ina, yosakhudzana ndi izi.

"Kasupuni, unkatani m'thanki yaikulu?"

Kasupuni anayang'ana mlamu wake. Anawayang'ana nthawi yaitali mpaka iwo anayamba kukonza mpango umene unali bwinobwino.

"Ndilibe choyankha, bwana."

"Ukudziwa tanthauzo lake? Kuwononga kafukufuku mwadala. Palibe labu imene idzakulembenso, ndipo komiti ikafuna, nkhaniyi ipita kupolisi."

"Ndamva, bwana."

Anasiya kiyi patebulo. Adokotala anamuuza kuti akhale kunyumba mpaka komiti idzakumane pakatha masabata awiri.

Amake Nsomba anagwira ntchito sabata imeneyo ngati mtsikana. Anakhuthula thanki yaikulu, anaikwecha, anasintha mapaipi, anatsuka mathanki onse anayi katatu, nabweretsa nsomba zatsopano. Pomaliza anaveka sokosi yatsopano, yowiritsidwa bwino, ndipo ulendo uno palibe anaichotsa. Masiku atatu zonse zinali bwino, nsomba zikuthamangira chakudya. Lachisanu m'mawa anapeza zitatu zitayandama, makha otuwa.

Apa ndiye mutu unaima. Kodi Kasupuni anadulitsa kiyi wina? Anafunsa mlonda wa pageti, mlonda analumbira kuti sanamuone. Ndiye mwina mlondayo anadya nawo. Anayamba kuyang'ana mayi wokolopa, mlembi, ngakhale Adokotala amene. Tsiku lonse anakhala m'chipindamo osatuluka, tiyi anamwera momwemo, maso ali pa chitseko. Madzulo zinafanso ziwiri iwo akuona.

Loweruka m'mawa bambo a kunyumba anali akufwanthula m'dilowa. Anali dalaivala wopuma ntchito, ndipo chiyambireni kupuma ankapeza chofunafuna tsiku lililonse.

"Mayi, masokosi anga a siliva aja ali kuti? Mwana akubwera mawa, ndimati ndivaleko angaone ngati ndinawanyoza."

"A siliva ati?"

"Aja anatumiza mwana wathu. Otuwa aja. Mapeya asanu ndi limodzi, koma ndikupeza atatu okha, osati mapeya, masokosi atatu. Kapena mwayamba kuvala ndinu?"

"Munati akukuthinani. Munangovala kamodzi."

"Amathina, koma ndi a patali amene aja. Akuti ngakhale mapazi ngati angawa sanunkha. Onani, kapepala kake aka." Anakatulutsa pansi pa dilowa n'kuwerenga monyadira, atakatalikitsa ndi maso. "Akuti mu ulusi wake analowetsamo timibulu ta siliva tosaoneka, topha tizilombo toyambitsa fungo. Ndiye ine ndimayenda ndi siliva kumapazi, inu n'kumanditi ndine wosauka."

Amake Nsomba anakhala pabedi. Anatenga kapepalako nawerenga okha, kawiri. Masokosi akale a bambo anatha mwezi wathawu. Otuwawa anali ngati atsopano, ulusi wothithikana, abwino kwambiri posefa, ndipo anasangalala powapeza. Kuwiritsa kumapha tizilombo. Siliva sawiritsika, amangomasuka bwino. Usana ndi usiku madzi onse a mboni ankadutsa mu sokosi imeneyo.

"Mwatani kodi? Mukuoneka ngati mwameza ntchentche."

"Ndikubwera," anatero, navala nsapato zosiyana osazindikira mpaka pamsewu.

Mng'ono wawo anali ndi saluni m'chipinda chakutsogolo kwa nyumba yake. Theka la azimayi a pa labu ankamangitsa tsitsi pomwepo, mlembi wa Adokotala ali kasitomala wa sabata iliyonse, ndipo nkhani ikalowa m'khutu la mng'onoyo inkatulukira pakamwa dzuwa lisanalowe. Anawalandira ali ndi chipeso m'manja.

"Achemwali, lowani. Alamu anu alipo kuseriko, angoti ndwii ngati mphaka wonyowa. Ine ndinawauza kuti musandiuze kanthu, achemwali anga chibadwire sananamepo. Ngati anakuonani, anakuonani. Masiku ano akugona pampando, adziwe kuti ana adya manyazi awo."

Kasupuni anali atakhala pa njerwa kuseri, akukonza fani yakale, tizitsulo atatiyala mwadongosolo panyuzipepala. Ataona kapepala m'manja mwa mlamu wake, anaika sikuludalaiva pansi.

"Munadziwa liti?" anafunsa Amake Nsomba motsitsa mawu.

"Sabata imene zinayamba kufa ija isanafike. Ndinakwera kukatunga madzi, ndinaiona. Ku fakitale ndinali ku chigawo cha masokosi, alamu. Ulusi wotuwa wonyezimira uja ndingaudziwe ngakhale mumdima. Ndinati ndingochotsa mwakachetechete, madzi ayera okha. Koma ndikachotsa, inu mwaika ina."

"Bwanji simunandiuze poyera? Pakamwa munali napo."

"Ndinayamba, munandidula. Komanso ndinaganiza bwino, ndinaona kuti kuli bwino munandidula. Ndimakudziwani. Mukanangomva, tsiku lomwelo mukanapita nokha kwa Adokotala kukadzipereka."

"Ndiye munasankha kuti ndikuperekeni inuyo?"

"Sindinadziwe kuti mufika pamenepo," anatero, osakweza mawu, ndipo mawu amenewo anawalasa kuposa akanatukwana. "Koma zachitika. Zisiyeni choncho. Chotsani sokosiyo Lolemba, nsomba zisiya kufa, aliyense ati ndinali ine. Inu mwatsala ndi chaka ndi theka kuti mupume mwaulemu. Ine ndikadali ndi manja, ndidzakonza mafani."

"Ndi apolisi omwe?"

"Mwina safika kumeneko."

"Ndikanena."

"Mukanena, mutitaya tonse. Adzafunsa kuti nanga Kasupuni ankatani m'thanki. Akamva kuti ndinkadziwa sabata ziwiri n'kubisa, nsomba zikufa, malipoti ndikusaina, ndiye kuti nanenso ndapita. Palibe amene mumupulumutse. Ndipo chonde, mayi a anawa asamve, mukuwadziwa."

Amake Nsomba anayang'ana mpando wa pakhonde pomwe panali bulangete lopindidwa ndi pilo. Anachita manyazi moti anafuna pansi patang'ambika. Anatsanzika osamwa tiyi amene mng'ono wawo anali atawira kale.

Lamlungu mwana anabwera, bambo anavala sokosi imodzi yotuwa ndi ina yakuda kuti aseketse anthu, onse anaseka. Amake Nsomba anaseka nawo pamene panafunika. Mumtima anali akutembenuza nkhaniyo uku ndi uku, ndipo kulikonse inkatulukira khomo limodzi.

Lolemba anafika molawirira. Anadyetsa nsomba zonse, za kumanzere ndi za kumanja, anavuula zakufa n'kulemba chiwerengero chake m'buku. Anakwera makwerero, anavula sokosi, naiika m'kathumba ka pulasitiki pamodzi ndi kapepala kaja. Adokotala atangofika, iwo anagogoda.

Anafotokoza zonse za sokosi, kuyambira chaka chimene anayamba. Adokotala anawerenga kapepalako, anayang'ana sokosi yonyowayo, navula magalasi n'kutikita m'maso.

"Sokosi," anatero. "Miyezi isanu ndi umodzi, sokosi." Kenako anavalanso magalasi. "Chabwino. Koma pali chimene sichikugwirizana. Ngati ndi sokosi, mlamu wanu ankatani m'thanki yaikulu? Ankadziwa?"

"Sankadziwa kanthu."

"Nanga ankafunamo chiyani?"

"Sanakwerepo, Adokotala. Ndinapeka."

"Munapeka."

"Eya."

"Ndiye bwanji iye sanakane? Ndinamufunsa pamaso panu."

"Ndine mkulu wa mkazi wake. Ntchito ndinamupezera ndine. Akanati ndikunama, kunyumba akanakalowera khomo liti? Mukumudziwa mmene alili."

Adokotala anadina cholembera kangapo. Ankamudziwadi, ndipo nkhaniyo inalowa bwinobwino.

"Ndifuna ndimvetse, chifukwa ndikalemba zimenezi. Kulakwitsa ndi sokosi ndikanakumenyerani nkhondo ku komiti, mwina mukanangochenjezedwa. Koma izi ndi zina. Mukundiuza kuti tsiku lija munkadziwa kale kuti vuto ndi lanu, ndiye munasankha dala kunamizira mwamuna wa mng'ono wanu kuti mudzipulumutse?"

Pa zaka zonsezo Amake Nsomba anali asanabisepo ngakhale kansomba kamodzi kakufa, ngakhale masiku amene kubisa kukanawathandiza.

"Ndi choncho," anatero.

Adokotala anatambasula dzanja, iwo anaikamo makiyi a chipinda cha nsomba. Kenako Adokotala anaitana mlembi, namuuza pamaso pawo kuti aimbire Kasupuni, abwere kuntchito mawa, ndipo amuuze kuti amene anamuneneza wavomera kuti ananama. Mlembi anayang'ana Amake Nsomba kuyambira kumutu mpaka kumapazi, natuluka mofulumira kuposa masiku onse.

"Nsomba zadya kale za m'mawa," anatero Amake Nsomba ali pakhomo. "Madzulo muzipatse theka, zodwalazo sizimaliza, chakudya chikatsala chiwononga madzi."

Adokotala sanadzutse mutu.

Amake Nsomba anatenga chikwama, kapu yawo ya tiyi ndi masilipasi a m'kati. Anali asanafike pamphambano pamene foni inalira m'chikwama. Anali mng'ono wawo. Anaima pambali pa msewu, kapu ili m'dzanja lina, naiyang'ana ikulira mpaka inatsala pang'ono kuduka.

"Achemwali," anatero mng'onoyo. "Mlembi wandiimbira. Akuti munapeka. Akuti munadziwa kuti ndinu, n'kuwanamizira dala bambo a ana anga. Ine ndawagoneka pampando sabata yathunthu chifukwa cha mawu anu. Ndiuzeni kuti akunama, ndikhulupirira inuyo."

Chapatali m'fonimo munkamveka mawu a Kasupuni akuti apatsidwe foniyo, ndi a azimayi ena a mu saluni amene anasiya kucheza kuti amve.

"Sakunama," anatero Amake Nsomba. "Ndinapeka."